Kusowa kwa madzi m'dziko la nyanja: mafunso ndi mayankho

Kodi dziko limadziwika bwanji kuti lili pa vuto la kusowa kwa madzi?

Akatswiri amaphatikiza madzi onse amene mvula imabwezeretsa chaka chilichonse m'mitsinje, m'nyanja ndi pansi pa nthaka, kenako n'kuwagawa ndi chiwerengero cha anthu. Muyeso wofala kwambiri ndi umene anakonza katswiri wa ku Sweden, Malin Falkenmark. Gawo la munthu mmodzi likatsika pansi pa malita 1,700,000 pa chaka, dzikolo layamba kupanikizika, ndipo likatsika pansi pa malita 1,000,000 ndiye kuti madzi asowa. Chiwerengerochi chimaoneka chachikulu chifukwa chimaphatikizapo madzi olimira chakudya, oyendetsera mafakitale ndi omwetsera ziweto.

Koma pali kusowa kwina kumene masamu amenewa sakuonetsa. Madzi akhoza kukhalapo ochuluka, koma popanda damu lowasunga, paipi yowanyamula kapena mankhwala owayeretsa. Pakhomo muyeso wake ndi wina: malita osachepera 20 patsiku kwa munthu aliyense, kuti amwe, aphikire ndi kusamba m'manja, ndipo ulendo wokatunga, kupita, kudikira pamzere ndi kubwerako, usapitirire mphindi 30. Kusowa kumene kukuvutitsa Malawi kwambiri ndi kwachiwiriku, ngakhale kuti koyamba kuja nakonso kwafika kale.

Gawo limodzi mwa magawo asanu a Malawi ndi madzi. Nanga asowa bwanji?

Madziwo ali kumunsi, anthu ali kumtunda. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa, pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ndi Blantyre ali pamwamba pa mamita 1,000, ndipo Mzuzu ndi Dedza ali pamwamba kuposa apo. Dontho lililonse lochokera kunyanja kapena mu Shire liyenera kukankhidwa ndi makina kuti likwere chitunda, ndipo makinawo amadya magetsi.

Nyanja yomweyo si nkhokwe yosatha. Madzi ambiri amene imalandira amauluka ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo ochepa okha ndi amene amatuluka kudzera mu Shire. N'chifukwa chake zaka zingapo za mvula yochepa zikatsatizana, madzi ake amatsika msanga. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka Shire anasiya kulandira madzi kuchokera m'menemo. Mu 2016 ndi 2017 kutsika kwake kunachepetsa magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, anthu n'kumagona mumdima. Mu 2024 nyanja yomweyo inasefukira mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Zotsekera madzi za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomwe zinamangidwa mu 1965, zimathandiza kuchepetsa kusinthasinthaku, koma sizingalenge madzi. Nyanja ya Chilwa, yomwe ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulukira, yakhala ikuuma: mu 1968, mu 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018.

Chinanso ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Mvula yomwe inkagawidwa kwa munthu mmodzi tsopano ikugawidwa kwa anthu oposa anayi.

Kodi vuto si lakuti mvula inachepa?

Chimene chasokonekera kwambiri ndi kagwedwe kake. Pafupifupi mvula yonse ya chaka imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, kenako miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri imadutsa kuli gwaa, kupatula mvula ya chiperoni m'madera okwera a Mulanje ndi Thyolo ndi yamawawa ya ku Nkhata Bay. Izi n'zakalekale. Chatsopano n'chakuti mvula ikumayamba mochedwa, kudukiza pakati mbewu zili m'munda, kapena kugwa yochuluka m'masiku ochepa.

Zaka za El Niño, pamene madzi a m'nyanja ya Pacific amatentha kuposa masiku onse, zimabweretsa chilala kum'mwera kwa Africa. Zinatero mu 1991/92, mu 2015/16 ndi mu 2023/24, ndipo mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chodabwitsa n'chakuti mvula yochuluka nayonso imasowetsa madzi. Namondwe Freddy, mu Marichi 2023, anakokolola mapaipi, kukwirira mijigo m'matope ndi kusefukiritsa zimbudzi m'zitsime, kotero kuti anthu ozingidwa ndi madzi mbali zonse analibe oti n'kumwa.

Kudula mitengo kukukhudzana bwanji ndi kuuma kwa mitsinje?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mtsinje umene umayenda mu Okutobala, patatha miyezi yambiri mvula italeka, sukunyamula madzi akumwamba. Ukunyamula madzi amene analowa pansi m'dzinja ndipo akutuluka pang'onopang'ono kudzera m'akasupe ndi m'madambo. Choncho funso lofunika pa mvula iliyonse ndi lakuti: yolowa pansi ndi yochuluka bwanji, yothamanga pamwamba ndi yochuluka bwanji?

M'nkhalango, dontho limayamba lagunda masamba, n'kugwera pa zinyalala zowolerana, n'kutsata timabowo ta mizu, chiswe ndi nyongolotsi mpaka pansi. Pamtunda wosadzidwa ndi kutenthedwa, dontho lomwelo limamenya dothi lopanda chofunda, limaphwanya timibulu tadothi, fumbi lake n'kutseka timabowo tija. Pakangopita mphindi zochepa madzi ayamba kuthamanga, atenga nthaka yachonde, akumba zigwembe, ndipo pofika madzulo ali kale mu Shire. Mtsinje wotere umasefukira mu Januwale ndi kuuma mu Ogasiti. Dothi lokokolokalo limakathera m'madamu, n'kumadya malo a madzi, komanso limakwirira malo opopera madzi ndi opangira magetsi.

Mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amathera m'tauni. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, yadyedwa ndi mauvuni a makala kufikira pakuti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera. Pali chinthu chowawa pamenepa: banja la ku Area 25 kapena ku Kawale limene likudandaula kuti mpopi wauma ndi lomwenso linagula thumba la makala lochokera kumene madziwo amabadwira. Ku Blantyre, phiri la Ndirande linametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, ndipo minda ndi nyumba zinalowa m'dera limene limadyetsa damu la Mudi.

Madambo nawo akuphedwa mwakachetechete. Dambo likakumbidwa ngalande kuti liume, likaumbidwamo njerwa kapena kulimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, limasiya kusunga chinyontho. Ndipo si mtengo uliwonse umene umathandiza: bulugama wodzalidwa pa kasupe kapena m'dambo amamwa madzi ochuluka, pamene mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa mitsinje monga mkuyu, katope ndi mbawa imagwira nthaka bwino.

N'chifukwa chiyani mipopi ya m'mizinda imauma ngakhale m'nyengo ya mvula?

Blantyre ndi chitsanzo chabwino. Madzi ambiri a mzindawu amatengedwa mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kukankhidwa kukwera mamita pafupifupi 800 kudzera pa malo opopera a ku Chileka. Magetsi akathima, kupopa kumaima. Shire akadzadza matope ndi zinyalala m'dzinja, kusefa kumachedwa. Ndalama zambiri za Blantyre Water Board zimathera pa bilu ya magetsi. Pofuna kupepuza katunduyu, mu 2019 anayamba kutenga madzi mumtsinje wa Likhubula pa phiri la Mulanje, malita pafupifupi 20 miliyoni patsiku, koma mzinda ukukula mofulumira kuposa mapaipi ake.

Lilongwe amadalira madamu awiri pa mtsinje umodzi: Kamuzu Dam I wa mu 1966 ndi Kamuzu Dam II wa mu 1989. Mtsinjewo ukachepa, palibe kwina kothawira. Mzuzu amayang'ana damu la Lunyangwa, Zomba la Mulunguzi.

Palinso madzi otayika panjira. M'mizinda ikuluikulu, gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi oyeretsedwa, mwinanso kuposerapo, silibweretsa ndalama: ena amadontha m'mapaipi okalamba, ena amabedwa ndi olumikiza mozemba, ena sawerengedwa chifukwa mita inafa. Madzi amenewa apopedwa kale, athiridwa kale mankhwala, magetsi ake alipiridwa kale. Madzi akachepa m'paipi, oyamba kuuma ndi makomo a kumtunda ndi a kumapeto kwa mzere, ndipo kawirikawiri amenewa ndi madera a anthu osauka, kumene amayi amandanditsa zigubu pa kiyosiki kusanache.

Kodi kukumba mijigo yambiri sikungathetse vutoli kumidzi?

Mijigo yapulumutsa anthu ambiri, ndipo anthu ochuluka akumudzi amamwa madzi apansi. Pampu ya Afridev, yomwe imaoneka pafupifupi m'mudzi uliwonse, inayamba kupangidwa ku Malawi konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, isanakakonzedwenso ku Kenya. Anaipanga mwadala kuti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha: sipanala imodzi imamasula chivundikiro, ndodo zake zimakolana popanda kumanga, ndipo timarabala timene timatha msanga tikhoza kusinthidwa tsiku lomwelo. Imakoka madzi mpaka kuya kwa mamita 45, ndipo mjigo umodzi umayenera kutumikira anthu 250.

Vuto limabwera pambuyo pa mwambo wotsegulira. Rabala yotchipa ikatha, pampu imayamba kulemera, madzi amabwera munthu atapopa nthawi yaitali. Ngati komiti ya mjigo ilibe ndalama m'thumba, anthu amangopitiriza kupopa mpaka ndodo zitapindika ndi mapaipi a m'kati atang'ambika. Chimene chikanatha ndi ndalama ya sopo tsopano chikufuna mekaniki ndi zipangizo za kutauni. Apo amayi amabwerera kumtsinje, kukafukula mchenga n'kumadikira kuti timadzi tisonkhane kuti atunge ndi chikho.

Mijigo ina imafa chifukwa inakumbidwa molakwika. Wokumba wofuna kuthamanga amaima akangopeza madzi, makamaka akakumba m'dzinja pamene madzi apansi ali pafupi. Ikafika Okutobala, pampu ikungokoka mpweya. Mijigo yokumbidwa mothamanga nthawi ya kampeni imadziwika ndi matenda amenewa. Kuchigwa cha Shire, m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, madzi apansi ndi amchere, moti mjigo umakhalapo koma anthu osamwa. Ndipo mijigo ya m'dera limodzi nthawi zambiri imamwa m'nkhokwe imodzi ya pansi pa nthaka: mvula ikapanda kulowa pansi kumtunda, kuchulukitsa mabowo kumangofulumizitsa kuphwa.

Ndani amene amasenza vutoli kwambiri?

Amayi ndi atsikana. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo banja limafuna ndowa zingapo patsiku. Nthawi yothera panjira ndi pamzere ndi yobedwa kusukulu, kumunda ndi kumsika. Madzi akachepa, choyamba kusiyidwa ndi kusamba m'manja, ndipo matenda otsekula m'mimba amapezerapo mpata. Kolera imene inayambira ku Machinga mu Marichi 2022 inafalikira m'maboma onse ndi kupha anthu oposa 1,700, ndipo inapitirira ngakhale m'chilimwe, nyengo imene kale matendawa ankazilala.

Kodi madzi a mvula angasungidwe bwanji pakhomo ndi m'munda?

Masamu ake ndi osavuta. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, m'dera lolandira mamilimita 800 pa chaka, limatsitsa malita 40,000, zomwe ndi ndowa 2,000. Chodula si madziwo koma thanki. N'chifukwa chake njirayi imapindula kwambiri pa sukulu, pa chipatala ndi pa tchalitchi, pamene denga ndi lalikulu ndipo ndalama ya thanki ikhoza kusonkhedwa. Madzi a mvula yoyamba ayenera kutayidwa chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame, thanki ikhale yovundikira kuti udzudzu usaswane, ndipo madzi akumwa athiridwe klorini kapena awiritsidwe.

Thanki yaikulu koposa, yomwenso siigulidwa, ndi nthaka. Mizere yotsata akalozera, yopingasa chitunda, imaimitsa madzi kuti alowe pansi, pamene mizere yotsetsereka imasanduka ngalande. Mizere yotseka pakati imagwira madzi pomwe agwera. Udzu wa vetiva wodzalidwa pa akalozera umasefa dothi, maswale, ngalande zopingasa chitunda, amasunga madzi othamanga, ndipo miyala yotchingidwa m'zigwembe imachepetsa liwiro lawo. Kuphimbira ndi mapesi m'malo mowatentha kumasunga chinyontho masiku ambiri mvula ikadula, ndipo manyowa amathandiza dothi kugwira madzi. Mlimi mmodzi akachita izi amapulumutsa munda wake. Mudzi wonse wa kumtunda ukachita, mjigo wa kumunsi umafika Novembala usanaphwe.

Pa nkhani ya mitengo, kudzala kumatchuka kuposa kusamala. Mbande zambiri zodzalidwa pa mwambo zimafa ndi moto, mbuzi ndi chiswe chaka chisanathe. Kulera zitsa ndi mphukira zomera zokha, podulira nthambi zina ndi kuteteza malowo ku moto, kumabweza nkhalango mwachangu chifukwa mizu ilipo kale. Koma zonsezi sizipita patali ngati mizinda ikuphikirabe makala. Mbaula zosatha nkhuni monga chitetezo mbaula, gasi ndi magetsi odalirika ndi mbali ya nkhani ya madzi.

M'madera a mitsinje yamchenga, anthu a ku Kitui ndi Machakos ku Kenya ali ndi njira ina yosungira madzi: amamanga khoma lalifupi la simenti pathanthwe lopingasa mtsinje. Mchenga umadzadza kuseri kwa khomalo, madzi n'kubisala m'mchengamo, kumene dzuwa siliwapeza ndipo udzudzu suswana.

Nanga madamu akuluakulu ndi mapaipi ochokera kunyanja?

Mizinda singachite popanda zimenezi. Khoma la Kamuzu Dam I linakwezedwa ndi mamita 7 kuti lisunge madzi ambiri, ndipo ntchito yokoka madzi a m'nyanja kuchokera ku Salima kupita ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, yakhala ikukambidwa ndi kuchedwa kwa zaka zambiri. Maiko ena amachita zotere: Johannesburg amamwa madzi ochokera kumapiri a Lesotho, kudzera m'damu la Katse ndi ngalande zoboola mapiri. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi a Lesotho amatsika okha, pamene a ku Salima ayenera kukwera mamita oposa 500, ndipo mtengo wa magetsi ake udzaonekera pa bilu ya mwezi uliwonse. Damu nalo limasamutsa anthu, ndipo likamangidwa pansi pa mapiri opanda mitengo limadzadza matope ngongole yake isanathe.

Malawi ali ndi njira ina imene anaidziwa kale. Mu 1968, ku Chingale m'boma la Zomba, anthu anakumba okha ngalande n'kuyala mapaipi otenga madzi kumtsinje wa m'phiri kuti atsike okha kufika pa mipopi ya m'midzi, popanda injini kapena magetsi. Njirayi inafalikira kuzungulira phiri la Mulanje ndi madera ena, ndipo inatchuka kunja ngati chitsanzo cha ntchito yodzithandiza. Mipopi yambiri yotereyi inauma pambuyo pake, chifukwa cha kudulidwa kwa mitengo kumene madzi amatengedwa, kukokoloka kwa mapaipi ndi kusowa kwa ndalama zokonzera. Kuitsitsimutsa kumatchipa kuposa kuyamba zatsopano.

Kodi ulimi wa mthirira suwonjezera vutoli?

Padziko lonse, ulimi umatenga pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a madzi amene anthu amapatutsa m'mitsinje ndi pansi pa nthaka. Malawi sangaleke mthirira, chifukwa ulimi wodalira mvula yokha ndi umene ukubweretsa njala. Ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kulowera kuchigwa cha Shire ndi umboni wa kumene dziko likulowera. Chofunika ndi kathiriridwe. Ngalande zadothi zimataya madzi ambiri asanafike m'munda, ndipo kuthirira masana dzuwa lili paliwombo n'kudyetsa mphepo. Kuthirira m'mawa kapena madzulo, kuwaka ngalande ndi simenti, kuphimbira m'dimba ndi mthirira wa m'dontho zimachepetsa kutayikaku. Mapampu a sola ali ndi msampha wake: poti sadya mafuta, mlimi saona chifukwa chowazimitsira, ndipo akumunsi kwa mtsinje amangoona madzi atatha. M'madera ouma, mapira, mawere, chinangwa, mbatata ndi nandolo zimapirira kumene chimanga chimafota.

Pali mizinda imene inafika pakamwa pa vutoli n'kupulumuka?

Cape Town, pambuyo pa zaka zitatu za chilala, inatsala pang'ono kutseka mipopi mu 2018. Kuyambira mu Febuluwale chaka chimenecho, munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Akuluakulu a mzinda anakweza mtengo kwa ogwiritsa ntchito madzi ambiri, anachepetsa mphamvu ya madzi m'mapaipi kuti kudontha kuchepe, anachepetsa gawo la alimi, ndipo mlungu uliwonse ankalengeza poyera mmene madamu atsikira. Kagwiritsidwe ntchito ka madzi kanatsika ndi theka poyerekeza ndi zaka zitatu m'mbuyomo, mvula n'kubwera tsiku lotseka lisanafike. Windhoek, likulu la Namibia, yakhala ikuyeretsa madzi a m'masuweji kuti abwerere m'mipopi kuyambira 1968.

Phunziro lake liyenera kutengedwa mosamala. Malita 50 amene anali chilango ku Cape Town ndi ochuluka kuposa amene mabanja ambiri a ku Ndirande kapena ku Mtandire amapeza tsiku labwino. Woyenera kuuzidwa kuti achepetse ndi wothirira kapinga ndi wotsuka galimoto ndi paipi, osati wogula madzi pa ndowa.

Ndani ali ndi udindo woyang'anira madzi?

Madzi a m'mipopi ya m'mizinda ndi m'matauni ali m'manja mwa mabungwe asanu: la Blantyre, la Lilongwe, ndi a zigawo zitatu za Kumpoto, Pakati ndi Kum'mwera. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, yomwe imapereka zilolezo kwa ofuna kupatutsa madzi ochuluka, kumanga damu kapena kukumba mjigo, ndiponso imayenera kulanga otayira zonyansa m'mitsinje. Mtundu ndi fungo la madzi a mu Mudi pamene akudutsa pakati pa Blantyre zikuonetsa kutalika kwa mtunda pakati pa lamulo ndi kutsatidwa kwake.

Kumidzi, udindo uli ndi makhonsolo a maboma, mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi amene amayendetsa mipopi ndi makiyosiki, ndi makomiti a mijigo. Komiti yogwira ntchito imadziwika ndi zinthu zochepa: imatolera kandalama mwezi uliwonse pampu isanawonongeke, imalemba m'kabuku chimene chalowa ndi chimene chatuluka, imasunga timarabala tapadera, ndipo imadziwa mekaniki wa m'deralo ndi sitolo yogulitsa zipangizo. Imaonetsetsanso kuti zimbudzi ndi makola zili patali, mamita osachepera 30 ndipo kumunsi kwa mjigo, kuti madzi otayika ali ndi ngalande yopita ku dzenje la miyala kapena ku dimba, ndipo kuti mafumu a midzi ya kumtunda akhazikitsa malamulo oletsa kudula mitengo, kuumba njerwa ndi kulima m'mphepete mwa mtsinje umene umadyetsa mjigowo.